Achemwali ndi alamu akubwera ku Cape Town: ndiwaonetse chiyani, nanga usiku tipite kuti?

Wowerenga wina watilembera motere: "Ndakhala ku Cape Town zaka zinayi. Ndimagwira ntchito ya m'munda ku Constantia, kugona ndimagona ku Capricorn. Kunena zoona mzindawu sindiudziwa. Njira imene ndimaidziwa ndi ya ku ntchito, ya ku tchalitchi ndi ya kotumizira ndalama kumudzi basi. Mu Disembala muno achemwali anga ndi amuna awo akubwera kuchokera ku Dedza kudzacheza sabata imodzi. Alamuwo ndi mmisiri womanga nyumba, komanso ndi mkulu wa mpingo mu Sinodi ya Nkhoma. Akuti akufuna kuona nyumba zakale zimene amangoziona pa kanema. Achemwali akuti tsiku limodzi tikayendeko usiku. Ndalama zanga n'zochepa, komanso zigawenga ndimaziopa. Ndiyambire pati?"

Achimwene, mtima ukhale m'malo. Pa zaka zimene ndakhala ndikuperekeza alendo mumzinda muno ndakumana ndi anthu akwathu ambirimbiri onga inu, amene Table Mountain amaliona m'mawa uliwonse ali pa ulendo wa ku ntchito koma m'kati mwa tauni sanayendemo ndi mtima woona zinthu. Si chamanyazi ayi. Munabwerera ntchito, ndipo ntchitoyo mwaigwira. Chosangalatsa n'chakuti zimene alamu anu akufunazo zambiri zili pamalo amodzi, zoyendeka wapansi, ndipo zochuluka mwa izo salipiritsa.

Tsiku loyamba musathamangire ku Waterfront, dera la padoko la masitolo ndi malo odyera, monga amachitira ambiri. Kwerani sitima ya m'mawa ku Steenberg kapena ku Muizenberg, mukatsikire pa siteshoni yaikulu ya Cape Town. Mukatuluka, linga la Castle of Good Hope lili pafupi pomwepo. Linamangidwa kuyambira 1666 mpaka 1679 ndi kampani ya Adatchi imene inafika kuno mu 1652 motsogozedwa ndi Jan van Riebeeck, kudzakhazikitsa malo oti sitima zopita ku India zizitungapo madzi ndi kugulapo ndiwo. Dzikoli linali ndi eni ake kale, Akhoekhoe oweta ng'ombe ndi nkhosa, ndipo lingalo linamangidwa pa msipu wawo.

Alamu anu muwasiye aligwire khomalo ndi manja. Aona kuti ndi la miyala yosasema bwino, yomatidwa ndi laimu wootcha kuchokera ku zigoba za m'nyanja, pakuti simenti kunalibe. Pachipata aone tinjerwa tating'ono tachikasu, tosiyana ndi njerwa zathu: timeneto tinkabwera pa sitima kuchokera ku Holland. Lingalo lili ndi ngodya zisanu zotulukira kunja ngati nyenyezi, kuti msilikali wa pa ngodya ina aziona khoma la mnzake. Ndiye muwafunse funso limene ndimafunsa mlendo aliyense: linga lolondera doko likutani kuno, kutali ndi madzi? Yankho n'lakuti nyanja inkafika pomwepo. Chipata choyamba chinkayang'ana kunyanja, koma mafunde ankavuta mpaka anachisuntha. Malo onse amene pali siteshoni ndi nyumba zazitali zija anachita kukwirira nyanja m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940. N'chifukwa chake msewu wodutsa pamenepo umatchedwa Strand, kutanthauza gombe, ngakhale lero pali phula lokhalokha.

Mukadutsa bwalo la Grand Parade mufika pa City Hall, nyumba ya 1905 ya miyala yooneka ngati uchi imene anaitanitsa ku Bath, ku England. Pakhonde lake ndi pamene Nelson Mandela analankhulira khamu la anthu pa 11 Febuluwale 1990, tsiku limene anatuluka m'ndende, ndipo lero pali chiboliboli chake. Kuseri kwake pang'ono, mu msewu wa Buitenkant, muli District Six Museum. Dera la District Six boma la tsankho linalilengeza kuti ndi la azungu okha mu 1966, ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwa mokakamiza, nyumba zawo n'kugumulidwa. M'kati mwa nyumba yosungiramo mbiriyo, pansi pake anajambulapo mapu a misewu yakale, ndipo eni ake anabwera kudzalemba maina awo ndi manja pamene panali makomo awo. Mmisiri aone zimenezi, chifukwa mzinda uno suwerengeka ndi nyumba zoimirira zokha. Malo a tchire amene mumawaona m'munsi mwa phiri mukamalowa m'tauni panali mudzi wa anthu.

Tsopano pamene ndikufuna mukhalitsepo ndi kumtunda kwa msewu wa Adderley. Pali nyumba ziwiri zoyang'anizana, ndipo sindikonda kuonetsa imodzi popanda inzake.

Yoyamba ndi Groote Kerk, tchalitchi chimene ndi manthu wa mpingo wa Dutch Reformed. Nyumba yoyamba inatsegulidwa mu 1704, ndipo imene ilipo lero ndi ya 1841, kupatula nsanja yakale ija. M'kati mulibe nsanamira zochirikiza denga ngakhale ndi lotambalala kwambiri, ndipo gome lolalikirapo la 1789, losemedwa ndi Anton Anreith, lakhala pamsana pa mikango iwiri ya mtengo. Panja pali chiboliboli cha Andrew Murray. Kwa mkulu wa mpingo wa Nkhoma dzina limeneli si lachilendo: A.C. Murray amene anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889 pamodzi ndi T.C.B. Vlok anali mwana wa mbale wake, ndipo William Murray amene anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika anali wa banja lomwelo. Alamu akaima pamenepo adziwa kumene mtsinje umene amamwa unachokera.

Yachiwiri ndi Slave Lodge, ya 1679, mmene kampani ija inkatsekeramo akapolo ake usiku mpaka mu 1811. Anthuwo ankachokera ku Madagascar, ku India, ku zilumba za Indonesia, komanso ku Mozambique. Ankawalanda maina n'kuwapatsa dzina la mwezi umene anagulidwa kapena la kumene anachokera. N'chifukwa chake kuno mukumana ndi mabanja a September, January ndi April. Kuseri kwa tchalitchi, pa Church Square, pali miyala yakuda yolembedwa ena mwa mainawo, ndipo pakati pa msewu wa Spin pali kachizindikiro kosaoneka msanga kosonyeza pamene panali mtengo wogulitsirapo anthu. Magalimoto amangodutsa uku ndi uku. Pa 27 Disembala 1794 sitima yotchedwa São José, imene inanyamula akapolo pafupifupi 500 kuchokera ku Mozambique kupita ku Brazil, inasweka pamiyala ya ku Clifton, gombe lomwe lija anthu amakajambulitsako zithunzi. Oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa kuno. Ukapolo unathetsedwa pa 1 Disembala 1834, koma anthuwo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo mpaka 1838. Nkhani imeneyi siili kutali ndi ife a ku chigawo chapakati, amene makolo athu ankadziwa njira ya ku Nkhotakota ndi ya ku Zambezi. Ndaonapo alendo akwathu akutuluka m'nyumba imeneyi osalankhula, ndipo sindiwafulumizitsa.

Mukatopa, Company's Garden ili pomwepo, yaulere, ya mithunzi ndi mipando. Poyambirira linali dimba la ndiwo za amalinyero. Tengani kamba wanu kunyumba mudzadyere pamenepo, agologolo akukuzungulirani. Pakhomo pake pali St George's Cathedral, mmene Desmond Tutu ankatumikira ngati bishopu wamkulu, ndipo m'mbali mwake muli nyumba ya malamulo imene inapsa ndi moto pa 2 Januwale 2022.

Tsiku lina m'mawa mupite ku Bo-Kaap, m'mbali mwa phiri la Signal Hill, kuja kuli nyumba za utoto wowala. Ambiri amangojambula n'kumapita. Mmisiri aone zina. Aone madenga afulati: kale tauni yonse inali ya madenga a udzu, koma mphepo ya kuno ikakumana ndi moto inkasesa mzere wonse wa nyumba, ndiye anthu anayamba kumanga mosiyana. Aone makonde okwera, okhala ndi pokhalira pa njerwa mbali zonse ziwiri, mmene anthu amachezera madzulo monga timachitira pakhonde kwathu. Aone kamzere kokhotakhota pamwamba pa khoma la Bo-Kaap Museum mu msewu wa Wale, nyumba ya m'ma 1760, ndi mawindo okankhira m'mwamba a timagalasi ting'onoting'ono. Ambiri mwa amisiri omanga, opaka pulasitala ndi akalipentala a tauni yakale anali akapolo ndi ana awo, ndipo zidzukulu zawo n'zimene zimakhala m'dera limeneli. Mu msewu wa Dorp muli mzikiti wa Auwal wa 1794, wakale kuposa yonse mu South Africa. Imamu wake woyamba, Tuan Guru, anali atamangidwapo pa chilumba cha ndende cha Robben Island, kumene analemba Korani kuchokera pamtima.

Chonde, kumeneko ndi kumudzi kwa anthu. Perekani moni, musakwere pakhonde la munthu osapempha, ndipo Lachisanu masana muwapatse mpata opita kokapemphera. Mukamva chiphokoso chogwedeza mawindo 12 koloko musathawe: ndi mzinga wa pa Signal Hill umene amauomba tsiku lililonse kupatula Lamulungu ndi masiku a tchuthi. Achemwali muwagulire koesister, timandasi ta zokometsera toviika m'manyuchi n'kuwaza kokonati.

Potsika mudzere Long Street masana. Makonde a zitsulo zolukanalukana aja ndi a nthawi ya Mfumukazi Victoria, ndipo zambiri mwa zitsulozo zinkabwera zoumbiratu kuchokera ku Britain, amisiri a kuno n'kungolumikiza. Pa Greenmarket Square pali Old Town House ya 1755, ndipo pamsika wa ziboliboli pamenepo musadabwe kumva Chichewa. Mu msewu wa Darling muli Mutual Building ya 1940, ya mawindo osongoka ndi zithunzi zosemedwa pamwala kuzungulira khoma. Nyumba za azungu a minda, zoyera, za denga la udzu ndi chipumi chokhotakhota pamwamba pa khomo, inu mumazidutsa tsiku ndi tsiku: Groot Constantia, munda wa mphesa wa 1685, uli dera lomwe mumagwira ntchitolo.

Zodula kwenikweni ndi ziwiri, chikepe choyenda pa chingwe cha pa Table Mountain ndi boti la ku Robben Island. Ngati thumba likulola chimodzi chokha, ine ndingasankhe Robben Island. Mandela anakhalako zaka 18 mwa zaka 27 zimene anakhala m'ndende, ndipo ena mwa operekeza alendo m'ndendemo ndi anthu amene anamangidwamo okha. Ulendo wonse umadya pafupifupi maola anayi. Mu Disembala matikiti amatha msanga, choncho gulirani pa intaneti masiku akadalipo, ndipo sankhani boti la m'mawa chifukwa mphepo imakula masana. Likalephereka chifukwa cha nyengo, pakhale tsiku lina lopatula. Botilo limanyamukira ku Waterfront, ndipo muli podikira muwauze alendo anu za Clements Kadalie wa ku Chifira, ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU mumzinda muno, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anatsogolera sitalaka ya ogwira ntchito padoko lomweli. Pafupi pomwepo pali Zeitz MOCAA, nkhokwe yakale ya chimanga ndi tirigu imene anaiboola m'kati n'kuisandutsa nyumba ya zojambulajambula mu 2017. Konkire wodulidwa mozungulira uja alamu akamusimba ku Dedza.

Phiri lija musalipeputse poti ndi la mamita 1,086 okha pamene Sapitwa ndi 3,002. Mphepo ya kuno ya chilimwe imachokera kumene umachokera mwera wa ku nyanja kwathu, ndipo imabweretsa mtambo umene umakuta phiri ngati chiperoni. Tsiku lina ndinakwera ndi alendo atatu kudzera njira ya Platteklip Gorge kunja kuli ngwee. Tisanathe ola pamwamba, mtambo unafika moti wa patsogolo sankaoneka, kuzizira kunali kolowa m'mafupa, ndipo chikepe anachitseka. Tinatsika wapansi, mmodzi mawondo akunjenjemera. Kuyambira pamenepo sindikwera ndi munthu wopanda juzi, madzi okwanira ndi foni yodzadza moto, ndipo sindilola gulu kugawikana. Chikepecho, chimene chinayamba mu 1929, mukafuna kukwera yang'anani kaye m'mawa ngati chikuyenda. Komanso alendo anu aziyenda ndi mapasipoti popita ku Boulders kuli mapengwini kapena ku Cape Point, chifukwa nzika za maiko a SADC zimalipira mtengo wotsika kuposa alendo ochokera kutali.

Tibwere ku za usiku, zimene ndikuona kuti n'zimene zikukusowetsani tulo.

Choyamba, mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko, ndiye madzulo a kuno ndi aatali. Mutha kusangalatsa achemwali osalowa m'bala n'komwe. Ku Sea Point kuli njira ya oyenda pansi yotsata gombe, yodzadza mabanja mpaka mdima. Ku Waterfront kumakhala oimba mangolongondo ndi makwaya panja, kuli alonda ponseponse, ndipo kuyenda n'kwaulere. Pa Signal Hill anthu amasonkhana kuonerera dzuwa likumira m'nyanja. Pitani pamene pali anthu ambiri, ndipo anthuwo akamachoka nanunso chokani. Lamulungu madzulo m'chilimwe ku Kirstenbosch, munda waukulu wa maluwa, kumakhala zoimbaimba pakapinga, anthu atayala nsalu ndi chakudya chawo. Kwa mkulu wa mpingo ndi mayi ake a kunyumba, kumeneko n'kumene ndingawatengere ine. Ndipo ngati ulendo wawo ungagwere Lachinayi loyamba la mwezi, tauni imakhala ndi First Thursdays: nyumba za zojambula zimatsegula mpaka usiku, kulowa n'kwaulere, ndipo misewu ya Bree ndi Church imadzadza oyenda pansi.

Ofuna kudya ndi kumva nyimbo mofatsa amapita ku Bree kapena ku Kloof Street. Long Street usiku ndi yaphokoso, ya achinyamata, magule mpaka mbandakucha, ndipo opisa m'matumba amakonda kumeneko. Akuberani akukusekererani: wina akuyamikirani nsapato n'kugunditsa mwendo wake pa wanu ngati akuyerekeza, dzanja lili m'thumba. Wina, wovala ngati mlonda, akuuzani kuti msewu watsekedwa ndipo mufunika chilolezo chodutsira chimene mugule pa makina ndi khadi la ku banki. Chilolezo chotero kulibe mumzinda muno. Musayankhe, lowani m'sitolo yapafupi. Ndalama tapani masana m'kati mwa banki kapena m'sitolo zazikulu, ndipo wokuthandizani pa ATM amene simunamupemphe mukaneni. Chakumwa chanu chitsegulidwe mukuona, ndipo mukachisiya patebulo n'kupita kovina musachimwenso. Mowa pagombe kapena mumsewu ndi mlandu. Ku Khayelitsha ndi ku Gugulethu kuli malo a kanyenya ndi nyimbo za amapiano amene amatentha Lamulungu masana. N'kosangalatsa zedi, koma pitani ndi munthu wodziwika kumeneko ndipo mubwereko kusanade.

Vuto lanu lenileni si tauni, achimwene, koma ulendo wobwerera. Sitima imasiya kuyenda madzulo, ndipo madalaivala ena a galimoto zoitana pa foni za Uber ndi Bolt amakana kulowa m'madera ena usiku, kapena amakutsitsirani pamsewu waukulu. Kuyenda wapansi kuchokera pamenepo pakati pa usiku ndi alendo awiri n'kumene ndikukuletsani. Njira zilipo ziwiri. Panganani kukadali masana ndi munthu wa galimoto amene mumamudziwa, wa ku tchalitchi kapena woyandikana naye, amene samwa tsiku limenelo, kuti adzakutengeni ndi kukutulani pakhomo penipeni. Apo ayi sonkhani ndalama ya chipinda cha usiku umodzi m'nyumba zogona alendo zotsika mtengo za m'tauni kapena ku Observatory, mubwerere m'mawa ndi sitima. Mukaitana galimoto pa foni, dikirirani m'kati mwa malo amene muli, ndipo musanakwere onani ngati nambala ya galimoto ikufanana ndi ya pa foni. Zikavuta mpaka wina n'kukuloza mpeni, perekani foniyo.

Za nyanja ndinenepo pang'ono, chifukwa ife ozolowera Senga Bay timanyengeka. Madzi a ku Clifton ndi Camps Bay ndi ozizira koopsa ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo nyanja ino ili ndi mikokomo yokokera munthu kwakuya. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pokha, pamene pali opulumutsa anthu. Ku Muizenberg kwanuko madzi ndi ofundirako.

Pofuna thandizo: 112 imagwira pa foni ya m'manja iliyonse, 10111 ndi ya apolisi, ndipo 021 480 7700 ndi ya ngozi zamtundu uliwonse mumzinda wa Cape Town. Lembani manambalawa papepala, aliyense akhale ndi lake m'thumba pamodzi ndi nambala yanu. Wina akayamba chizungulire kapena kusokonezeka mutu mosagwirizana ndi zimene wamwa, musamugoneke kuti ziona m'mawa; thamangirani naye kuchipatala usiku womwewo. Munthu akasochera kapena kuvulala paphiri, imbani foni n'kukhala pamalo amodzi m'malo mofunafuna njira mu mtambo. Pasipoti ikatayika, kanenezeni ku polisi mutenge kalata, kenako lumikizanani ndi ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ya ku Johannesburg; kukhala ndi chithunzi cha pasipotiyo mu foni kumafulumizitsa zinthu. Muonenso tsiku limene adindiridwa pachipata polowa: Amalawi amaloledwa masiku osapitirira 30 popanda viza, ndipo wopyoza amaletsedwa kulowanso kwa nthawi. Ngati alamu angafune kufotokozeredwa za nyumbazi mozama kuposa apa, pezani woperekeza alendo wovomerezeka, amene amavala baji ndi chiphaso chake poonekera, kwa theka la tsiku lokha m'kati mwa tauni.

Tsiku lomaliza musapite kutali. Kwerani sitima yomwe ija kulowera ku Kalk Bay, mukhale mbali ya kumanzere kumene njanji imadutsa m'mphepete penipeni mwa madzi. Padoko laling'onolo asodzi amagulitsa nsomba zongovuula kumene, akatumbu a m'nyanja akudikira matumbo m'munsi mwa khoma. Gulani nsomba imodzi yaikulu, akupalireni pomwepo, mukaotche kunyumba achemwali akuphika nsima.